CV ya Udindo Waukulu Sikopedwa: Lembani Yanuyanu Motere

Mwezi wa Okutobala chaka china tinakhala anthu atatu m'kachipinda kotentha pa Boma pano ku Mangochi, fani ikungotembenuza mpweya wotentha womwewo, tikusankha mayina a anthu oti tiwaitane ku intavyu. Bungwe lomwe ndimakhala nawo mu bodi yake limafuna mkulu woyendetsa ntchito zonse. Ma CV anali mulu. Titafika chapakati, mayi amene anakhala kumanja kwanga anasolola awiri n'kuwayala moyandikana patebulo. "Bambo, tawerengani ndime yoyambayi," anatero. Ndimeyo inali imodzimodzi, liwu ndi liwu, mpaka pomwe wina analakwitsa sipelo winayonso analakwitsa pomwepo. Chosiyana chinali dzina ndi nambala ya foni basi.

Chinandiwawa n'chakuti mmodzi mwa awiriwo ntchito zake ndimazidziwa. Anayendetsapo pulojekiti kutsidya, cha ku Makanjira, kwa zaka zingapo. Msewu ukaduka nthawi ya mvula iye ankakwera boti n'kukafika ndithu. Anayanjanitsa mafumu awiri amene ankakanganirana malo omangapo nyumba ya pulojekitiyo, ndipo ma odita atabwera sanapeze chodandaula. Zonsezi pa CV yake panalibe. Panali mawu a munthu wina wosadziwika, otoledwa pa intaneti kapena osiyidwa pa kompyuta ya pa siteshonale. Sanalowe pa shotilisiti, ndipo ine sindikanatha kumuyankhulira, poti malamulo a kusankha amati tiweruze zomwe zili papepala.

Wofunsira ukalaliki kapena ntchito yoyambira, satifiketi yake imamuyankhulira kwambiri. Koma pa udindo wa manijala wamkulu, dayilekita, kapena mkulu wa zachuma, pafupifupi onse ofunsira ali ndi digiri, ambiri ali ndi masitazi, onse agwira ntchito zaka khumi kapena kuposa. Mapepala a sukulu sawasiyanitsanso. Chomwe bodi ikufuna kugula ndi mutu wanu: mumaganiza bwanji zinthu zikathina, munasankhapo chiyani pamene njira zonse zinali zowawa, anthu amakumverani kapena ayi. Izi simungazipeze pa CV ya mnzanu, chifukwa mnzanuyo sanali pampando wanu tsiku lomwe ndalama za malipiro zinachedwa. Palinso nkhani ya kukhulupirika. Munthu amene tikuti azisayina macheke, akayamba n'kutipatsa mawu a mwini ngati ake, mtima wathu umakhala kale m'mwamba.

Nayi njira yomwe ndimawayendetsa anthu akabwera kwa ine ndi CV m'manja.

Yambani ndi bwana wofuna munthuyo, osati ndi inu

Tsekani kaye CV yanu yakale. Ya mnzanu ija imene anakutumizirani pa WhatsApp musaitsegule n'komwe. Tengani chilengezo cha ntchito, kaya mwachidula mu The Nation kapena The Daily Times, kaya mwachiona pa LinkedIn, muchiwerenge katatu muli ndi cholembera. Ulendo woyamba lembani mzere kunsi kwa zomwe akuti n'zofunika ndithu: maphunziro, zaka, umembala wa bungwe la akatswiri. Ulendo wachiwiri onani mawu amene akubwerezedwa. Ngati nkhani ya kupeza ndalama yatchulidwa kanayi m'njira zosiyana, dziwani kuti m'nyumbamo muli njala. Ulendo wachitatu dzifunseni kuti: kodi anthuwa chikuwasowetsa tulo n'chiyani?

Kuno ku Mangochi yankho limasiyana kwambiri malinga ndi khomo lomwe mukugogoda. Mwini loji wa m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear, amadandaula za zipinda zogona zopanda alendo miyezi ina, za mafuta a jenereta magetsi akazima, za kukopa misonkhano ya maofesi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kuyambira 2024, pamene madzi a nyanja anakwera n'kulowa m'malo ambiri ogona alendo, amaganizanso za momwe angatetezere nyumba zake. Khonsolo imadandaula za ndalama za m'misika zomwe sizifika zonse ku ofesi, za mafunso a ma odita, za kuyenda bwino ndi makhansala ndi mafumu. Chipatala cha mishoni chimadandaula za mankhwala ndi za anamwino amene sakhalitsa kumudzi. Kampani ya nsomba imadandaula za ayisi, za mainjini, za chambo chomwe chikuchepa, za miyezi yotseka nyanja. Bungwe loti si laboma limadandaula za malipoti a opereka thandizo ndi za pulojekiti ikatha kuti antchito adzadya chiyani.

Munthu mmodzi yemweyo atha kuyenera malo atatu mwa amenewa, koma osati ndi pepala limodzi. Choncho fufuzani. Werengani lipoti lawo lapachaka ngati lilipo. Imbirani foni munthu amene anagwirako ntchito. Ngati ndi loji, pitani mukamwe tiyi, muone momwe operekera zakudya akuyendera ndi momwe alendo akulandiridwira. Mukabwerako lembani pakapepala mavuto atatu amene mukuganiza kuti ndi aakulu kwa iwo. Kapepala kameneka ndiye sefa yanu, mudzakafuna pa china chilichonse chotsatira.

Nenani ndi pakamwa kaye, m'chiyankhulo chanu

Apa ndi pomwe pagona ntchito yonse, ndipo ndi pomwe ambiri amadumpha.

CV kuno imalembedwa m'Chingerezi, ndipo vuto limayambira pomwepo. Munthu akangokhala pa kompyuta, m'mutu mumabwera mawu okonzedwa kale aja amene tonse tinawaona kambirimbiri: "results-oriented", "dynamic leader", "team player". Mawuwa si oipa, kungoti ndi a aliyense. Ali ngati yunifomu ya sukulu: ukaivala sudziwika pagulu.

Ndiye chitani izi. Pezani munthu amene mumamasuka naye, mkazi wanu, mwamuna wanu, mnzanu wakale wa kuntchito. Yatsani chojambulira mawu pa foni. Mufotokozereni m'Chichewa kapena m'Chiyao, momwe mumachezera pakhonde, za ntchito iliyonse imene munagwirapo, kuyambira yaposachedwa. Iye azikufunsani mafunso atatu okha, mobwerezabwereza. Munapeza zinthu zili bwanji? Inuyo munachita chiyani? Pochoka munasiya zili bwanji?

Ndinayesa izi ndi mlamu wanga amene anakhala manijala wa loji ina kwa zaka zambiri. Pa CV yake analemba kuti ankayang'anira ntchito za tsiku ndi tsiku za pa loji. Mzere umodzi, wouma gwa. Ndinamufunsa kuti, "Alamu, tsiku lomwe munafika paja munapeza chiyani?" Anayamba kuseka, kenaka nkhani inatuluka. Anapeza sitolo ilibe buku, nkhuku zimalowa m'khichini osawerengedwa, ophika amagula chambo kwa mavenda apakati pamtengo wokwera pomwe doko lili pafupi. Iye anayambitsa buku la sitolo, anakagwirizana ndi asodzi awiri pa doko kuti azibweretsa nsomba m'mawa uliwonse n'kumalipidwa Lachisanu, ndipo anachotsa munthu mmodzi amene anali mbale wa mwini loji, chinthu chimene chinafuna mtima wolimba. Nthawi ya Covid-19 mu 2020 alendo atasiya kubwera, sanachotse antchito onse monga anachitira ena. Anawagawa kuti azisinthana masabata, n'kuyamba kugulitsa chakudya kwa anthu a m'deralo. Analankhula mphindi makumi awiri osapuma. Nditamubwezera mawu ake pa foni anakhala chete, kenaka anati, "Zonsezi n'zolemba pa CV?" Ndinati ndi zokhazo zolemba.

Mukamaliza kucheza, mverani zomwe mwajambulazo n'kuzilemba zonse mu fayilo imodzi, osasankha, osakongoletsa. Fayilo imeneyi ndi nkhokwe yanu. Siyotumiza kwa aliyense. Itha kufika masamba khumi, palibe vuto. Nthawi iliyonse mukafuna kufunsira ntchito muzidzatapa m'menemo zoyenera khomo limenelo, monga mayi amatapira chimanga cha chigayo chimodzi n'kusiya chinacho. Muziwonjezeramo chaka chilichonse, zinthu zisanaiwalike.

Kenaka ndiye musandutse nkhani iliyonse kukhala mzere umodzi kapena iwiri ya Chingerezi. Yambani ndi chomwe munachita, tsirizani ndi chomwe chinasintha. Muona kuti Chingerezi chotuluka pamenepa n'chosavuta, chachindunji, chopanda mawu otupa, chifukwa chili ndi katundu woti chinyamule. Ndipo tsiku la intavyu akadzati tafotokozani za mzere uwu, simudzachita chibwibwi, poti nkhaniyo munainena kale ndi pakamwa panu.

Ena amachita manyazi apa. Tinaleredwa kuti kudzitama n'kosayenera, ndipo ndi khalidwe labwino. Koma kunena zoona za ntchito yomwe unagwira si kudzitama. Akuluakulu anati fumbi ndiwe mwini. M'chipinda chosankhira mayina mulibe amalume anu oti akunenereni.

Ikani manambala, koma oona ndi okhala ndi chaka

Udindo waukulu umayezedwa ndi kukula kwa katundu amene munasenza. Owerenga akufuna adziwe: anthu angati anali pansi panu, bajeti inali yochuluka bwanji, munkayang'anira nthambi zingati kapena ma T/A angati, munkapereka malipoti kwa ndani. Manijala wa anthu 8 ndi manijala wa anthu 120 onse amatchedwa manijala. Mukapanda kunena, owerenga amangoganiza chiwerengero chaching'onocho.

Pa ndalama samalani. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tiyerekeze kuti munkayendetsa bajeti ya K300 miliyoni mu 2018. Mukangolemba nambalayo popanda chaka, wowerenga lero aiona ngati yochepa, pomwe nthawi imeneyo inali ndalama yolemera. Ikani chaka pambali pake, ndipo ngati ndalamazo zinkabwera m'madola kapena ma euro kuchokera kwa opereka thandizo, lembani momwemo. Mbali inayo ndi yofunikanso. Mukalemba kuti munakweza ndalama zolowa ndi theka pakati pa 2022 ndi 2024, munthu wodziwa za chuma adzafunsa ngati malonda anakuladi kapena mitengo yokha ndiyo inakwera. Ndi bwino kuwerenga zinthu zogwirika: zipinda zomwe alendo anagonamo, matani a nsomba, mamembala atsopano a SACCO, masiku amene lipoti linkachedwa kale ndi tsopano.

Nambala imene simungaikire umboni musailembe. Ngati simukukumbukira bwino, funsani amene munkagwira nawo, kapena nenani kukula kwa chinthucho m'mawu. Dziko lathu ndi laling'ono, ndipo Mangochi ndi yaing'ono kuposa apo. Mmodzi mwa okufunsani atha kukhala kuti anali mu bodi ya komwe munachokerako, kapena amapemphera limodzi ndi akauntanti wanu wakale.

Siyanitsaninso zomwe munachita inu ndi zomwe linachita gulu. Ngati munali mmodzi mwa anthu asanu olemba pempho la ndalama, nenani gawo lanu. Ngati munatsogolera, nenani kuti munatsogolera. Ndipo zinsinsi za abwana anu akale, monga phindu la kampani lomwe silinalengezedwe, zisiyeni komweko. Gwiritsani ntchito maperesenti. Bwana watsopano akaona mukuulula za anzake, amadziwa kuti mawa mudzaulula zake.

Tsopano sefani

Bwererani ku kapepala ka mavuto atatu kaja. Pa ntchito iliyonse yomwe munagwira m'zaka khumi kapena khumi ndi zisanu zapitazi, sankhani mizere itatu mpaka isanu imene ikuyankha mavutowo. Zotsalazo zibwerere mu nkhokwe, ngakhale zikhale zokoma chotani. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ntchito zakale kwambiri zikwane mzere umodzi uliwonse: udindo, malo, zaka.

Mlamu wanga uja, pofunsira ku hotela ina, anaika patsogolo za sitolo, za khichini ndi za alendo. Patapita nthawi anafunsira ku bungwe lothandiza asodzi kupeza misika. Munthu yemweyo, zaka zomwezo, koma ulendo uno pamwamba panakhala nkhani ya mgwirizano wake ndi asodzi a pa doko, momwe ankagwirizanirana mtengo, ndi momwe ankalipirira osaphonya. Palibe chomwe ananama. Anangotembenuzira kuwala mbali yomwe wowerengayo ankafuna kuona.

Pali zina zomwe timazinyamula kuyambira CV yathu yoyamba osaziganiziranso: sukulu ya pulayimale, zotsatira za JCE, mudzi ndi mfumu yaikulu, mpingo, ana angati, zokonda monga kuonera mpira. Pa udindo waukulu zichotseni, pokhapokha chilengezo kapena fomu yawo yafunsa. MSCE ikhale mzere umodzi ngati akuifuna.

Ndinenepo za mawekishopu, poti ife a kuno timawadziwa bwino. Misonkhano yambiri ya dziko lino imachitikira m'mahotela athu omwewa. Ndaonapo CV yokhala ndi masamba awiri athunthu a mawekishopu, ena a masiku awiri, ena a zaka khumi ndi zisanu zapitazo. Kukhala nawo pa maphunziro si chipatso, ndi mbewu chabe. Sankhani atatu kapena anayi amene akugwirizana ndi ntchitoyi, makamaka okhala ndi mayeso kapena satifiketi yodziwika. Koposa apo, onetsani pa mizere ya ntchito ija chomwe munakachita mutabwerako.

Masamba awiri kapena atatu akwana. Mabungwe ena akunja ndi ntchito za ukatswiri wapadera amakhala ndi fomu yawo yaitali. Pamenepo tsatirani zawo.

Ndime ya pamwamba ilembedwe pomaliza

Ndime yoyamba ija, imene inagwetsa anthu awiri aja, ndiyo imakopedwa kwambiri chifukwa anthu amayamba nayo asanadziwe choti anene. Inu ilembeni tsopano, zina zonse zitakhala m'malo. Mizere inayi yokha. Woyamba unene kuti ndinu ndani pa ntchito ndi zaka zingati mu gawo liti. Wachiwiri unene kukula kwa zomwe mwayendetsapo. Wachitatu ndi wachinayi itchule zinthu ziwiri zomwe munachita zoyankha vuto lalikulu la bwanayu.

Mukamaliza iyeseni motere: phimbani dzina lanu ndi chala, muwerenge mokweza. Ngati ndimeyo ingakwanenso pa CV ya mnzanu wa mu ofesi yoyandikana, sinakhale yanu. Ibwerezeni mpaka munthu amene amakudziwani atawerenga anene kuti awa ndi auje.

Musabise kuti mumadziwa dera

Ambiri a ife timaona ngati kugwira ntchito kumaboma n'kotsika poyerekeza ndi ku likulu, ndiye timabisa. Kumeneko n'kutaya chuma. Boma la Mangochi linali ndi anthu oposa 1.1 miliyoni pa kalembera wa 2018, ndipo aliyense wofuna kugwira ntchito kuno amafuna munthu wodziwa kuyenda nawo. Ngati mumayankhula Chiyao, lembani, ndipo nenani ngati mumatha kuchititsa msonkhano m'chiyankhulocho kapena kungopereka moni. Ngati mumamva Chipwitikizi chifukwa cha malonda a pa Chiponde, lembani. Ngati munagwirapo ntchito ndi makomiti a chitukuko a m'madera (ADC) ndi a m'midzi (VDC), kapena makomiti a usodzi a m'madoko (BVC), ngati munakhalapo pansi ndi ma sheikh ndi azibusa pa nkhani imodzi, ngati mumadziwa kukonza ndondomeko ya ntchito moganizira mwezi wa Ramadan, amenewo ndi maluso a utsogoleri amene munthu wongofika kumene sangawaphunzire m'mwezi umodzi. Amene munali pa udindo nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023, imene inavuta kwambiri m'boma lino, nenani chomwe munachita: kaya munasamala madzi pa loji, kaya munayendetsa magalimoto ndi mafuta a chipatala, kaya munagwirizanitsa mabungwe.

Koma mukamafunsira ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku bungwe lakunja, kumbukirani kuti wowerengayo mwina sadziwa kuti BVC n'chiyani kapena kuti Namwera ili kuti. Masulirani mwachidule, ndipo onetsani luso lomwe lili kuseri kwake: kuyanjanitsa magulu osagwirizana, kugwira ntchito kutali ndi likulu popanda wokuyang'anirani tsiku ndi tsiku.

Za maphunziro, lembani monga zilili pa satifiketi

Apa anthu amalakwitsa mosadziwa akakopera kwa anzawo achichepere. Yunivesite ya Malawi inagawidwa mu 2021: Polytechnic inakhala MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS. Bunda inali itachoka kale n'kukhala LUANAR mu 2012. Ngati munamaliza ku Poly mu 2009, digiri yanu ndi ya University of Malawi, ndipo mulembe choncho. Dzina la pa CV likasiyana ndi la pa satifiketi, wofufuza amayamba kukayika zinthu zomwe zinali zoona. Ngati digiri yanu ndi yakunja kapena ya pa intaneti, kaitsimikizitseni msanga ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, musadikire kuti akufunseni. Umembala wa mabungwe a akatswiri, monga ICAM kwa owerengera ndalama, ulembeni pokhapokha uli wamoyo, mwalipira chaka chino. Maphunziro amene simunamalize nenani kuti muli mkati ndi chaka chomwe mukuyembekeza kumaliza.

Mipata ya zaka zomwe simunali pa ntchito musaitseke ndi madeti abodza. Ngati pulojekiti inatha, loji inatseka nthawi ya mliri, kapena munkadwazika kholo, mzere umodzi woona ndi wokwanira. Ngati nthawi imeneyo munkachita bizinesi ya usipa kapena munkalima, ndipo munali ndi antchito ndi mabuku, imeneyonso ndi ntchito yoyendetsa zinthu.

Chomwe mungabwereke ndi chomwe simungabwereke

Maonekedwe a tsamba mutha kubwereka: kukula kwa zilembo, malo a mitu, kutalikirana kwa mizere. Sankhani osavuta, a mzati umodzi, opanda mabokosi ndi zithunzi zambiri. Mabungwe ena aakulu amadutsitsa ma CV mu pulogalamu ya kompyuta munthu asanawaone, ndipo pulogalamuyo imasokonezeka ndi zokongoletsa. Imafunafunanso mawu amene ali mu chilengezo, choncho pamene luso lanu ndi lomwelo limene akufuna, litchuleni ndi dzina lomwe iwo agwiritsa ntchito. Kumeneku si kukopera, ndi kuyankha funso m'chiyankhulo cha wofunsa.

Za ChatGPT ndi zinzake, mapulogalamu a pa intaneti amene amakulemberani zomwe mwawauza, maganizo anga ndi awa. Mukaiuza kuti ikulembereni CV ya manijala wa hotela, idzakupatsani yomwe yapatsanso anthu ena zikwizikwi, ndipo itha kuwonjezeramo manambala amene simunaiuze. Owerenga ma CV ambiri ayamba kale kuzindikira kalembedwe kake. Koma mukaipatsa mizere yanu yochokera mu nkhokwe ija kuti ikonze galamala kapena ifupikitse, ndi wothandiza wabwino. Werenganinso mzere uliwonse ikamaliza, ndipo liwu lomwe simungalinene ndi pakamwa panu pa intavyu lichotseni. Chimodzimodzi ndi anthu olemba ma CV pamalipiro. Wabwino amakufunsani mafunso ola lathunthu asanalembe kanthu. Amene angoti tumizani yakale ndi ndalama pa Airtel Money, mawa mutenge, ameneyo akukuvekani malaya amene wavekanso ena.

Ma referee, kalata, ndi kutumiza

Ma referee, anthu okuchitirani umboni, nawonso asankhidwe molingana ndi ntchito. Pa udindo waukulu ikani munthu amene munkapereka malipoti kwa iye, monga wapampando wa bodi kapena dayilekita, ndi wina amene anaona ntchito yanu kuchokera kunja, monga wa ku bungwe lopereka thandizo. Abusa kapena a sheikh atha kunena za khalidwe lanu, koma za bajeti sangayankhe. Aimbireni foni musanawalembe. Auzeni kuti, "Bwana, ndikufunsira udindo wakuti kwakuti, ndimati ndikuikeni, mundilola?" Akalola atumizireni CV yatsopanoyo ndi chilengezo, kuti akadzaimbiridwa asadzayambe kufunsa kuti ndani ameneyo. Onetsetsani kuti nambala ndi imelo zawo ndi zomwe akugwiritsa ntchito pano.

Kalata yofunsira ntchito isabwereze CV. Tsamba limodzi, lolunjika kwa amene chilengezo chatchula, lonena chifukwa chomwe mukufunira malo amenewa osati ena, ndi nkhani imodzi yosonyeza kuti vuto lawo munakumanapo nalo. Yang'anitsitsani dzina la bungwe. Makalata obwera ndi dzina la kampani ina, yomwe munthu anafunsirako mwezi watha, ndawaona kangapo, ndipo amathera pomwepo.

Musanatumize, patsani anthu awiri awerenge: mmodzi wodziwa bwino Chingerezi, wina wodziwa ntchito yanu. Wachiwiriyu mumufunse funso limodzi: pali chomwe ndakokomeza, kapena chomwe ndaiwala? Kenaka igonetseni usiku umodzi, m'mawa muiwerenge papepala, osati pa foni.

Sungani ngati PDF kuti mizere isabalalike pa kompyuta ya wina. Fayiloyo ipatseni dzina lanu ndi udindo womwe mukufunsira, osati "CV final 2". Tumizani kuchokera ku imelo yokhala ndi dzina lanu lenileni, osati ya kuntchito komwe muli pano. Musadikire tsiku lomaliza, poti magetsi ndi netiweki kuno sizilonjeza. Tumizani kutatsala masiku awiri kapena atatu. Ngati akufuna ya pamanja, pulintani pa pepala loyera bwino, muike mu envulopu yaikulu osapinda, ndipo pokasiya pemphani kuti akulembeni m'buku la olandira makalata.

Mukapulintira pa siteshonale, imani pomwepo mpaka mnyamata wa pa kompyutayo afufute fayilo yanu, ndi mu bini momwe, inu mukuona. Ma CV ambiri amene amayendayenda m'tauni muno anayambira pa kompyuta zoterozo, mwiniwake atatenga mapepala ake n'kukwera kabaza.